Tsiku Limene Galimoto Sinagwade

Pa mzati wa magetsi panali kamzere ka penti yoyera, kotalika ngati chala. Sajeni anaponda nsonga ya tepi yoyezera ndi jombo yake n'kukoka mpaka pa kamzereko. Masentimita 74. Anayeza Lachiwiri, anayezanso Lachitatu, ndipo lero Lachinayi mzati sunasinthe mawu. Mizati ndiye mboni zabwino. Siiwala, sichita mantha, ndipo sipempha ya basi ikamaliza kupereka umboni.

Pansi pa mzati umenewo ndi pamene wosoka nsapato ankakhala zaka zonsezi, ndi kabenchi kake ndi ambulera yong'ambika mbali imodzi. Lachiwiri m'mawa, mvula ikukhuthuka, galimoto inamuwomba akuyala zipangizo zake, inakwecha mzati, n'kumapita. Dokotala wopima mitembo anati fupa la ntchafu linathyoka pa masentimita 74 kuchokera pansi pa nsapato. Ananenanso china chimene sanafunsidwe.

"Munthuyu anakhala akupuma pafupifupi ola lathunthu," anatero akuvula magolovesi. "Kungomunyamula basi. Chipatala si ichi chili apachi?"

Sajeni anamva, analemba. Zaka 19 za upolisi zinamufikitsa pamenepo. Kale akachoka ku mtembo ankakalira kubafa, mpopi ali chitsegulire kuti ana asamve. Masiku ano ankangomva njala nthawi yake ikakwana, ndipo ngakhale njalayo inkabwera ngati uthenga wa munthu wina.

Woganiziridwa analipo kale m'chitokosi: dalaivala wa galimoto ya buledi. Galimoto yoyera, yophwanyika pakona ya kumanzere, bampala yake pa masentimita 75. Bwana wa pa siteshoni anati sentimita imodzi yotsalayo ndi ya matope, ndipo fayilo ankaifuna patebulo pake mawa m'mawa, ipite kukhoti. Sajeni anapinda tepi yake. Anali ndi tsiku limodzi loti akhutire kuti akutumiza munthu woyenera.

* * *

Dalaivala wa buledi anali atatha nkhope m'masiku awiri okha. Ankayankhula mothamanga, manja ali m'mwamba ngati akupemphera.

"Bwana mayi, ndanena, ndanenanso, Mulungu akundiona. Mdala uja ine ndi mnzanga. Tsiku lililonse ndimamuponyera kabanzi kophwanyika pa windo, iye amandikhomera nsapato ulele. Lachiwiri ndadutsa sikisi koloko, anali asanafike n'komwe. Ndimuphere chiyani munthu ameneyo?"

"Nanga kuphwanyika kwa galimoto yako?"

"Chaka chatha, bwana mayi! Geti ya ku bekale. Mukaone, pali dzimbiri. Kodi dzimbiri limagwira masiku awiri?"

Dzimbirilo Sajeni analiona. Koma bwana wa pa siteshoni anati chitsulo chophwanyika kale sichikana kuphwanyikanso.

"Ndani wina amadutsa msewu umenewu m'mawa?"

"Kukagwa mvula? Palibe. Madzi amafika m'mawondo, maenje osaoneka. Timagalimoto tating'ono timazungulira kumsewu waukulu. Timadutsa ndife a miyendo italiitali basi." Anayang'ana kukhomo. "Mkazi wanga ali panjapo chifikire dzana. Ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Mukangomuuza kuti azipita akagone, ine sandimvera."

Sajeni anamuona mkaziyo potuluka. Anakhala pa khonde la siteshoni, miyendo yotupa ataitambasula, kontena ya chakudya ili pamiyendo. Sajeni anadziwa kuti apa munthu amayenera kumva chisoni. Anafufuza mumtima mwake, ndipo anapezamo zii. Anangodutsa.

* * *

Moyang'anizana ndi mzati uja munali nyumba yosungiramo katundu, ndipo pa geti pake panali mlonda wachikulire amene mawu ankawatulutsa ngati akuchita kugula.

"Ndinauza kale wapolisi mnzanu uja," anatero.

"Munati inali yoyera, yaitali."

"Ndinatero."

"Inali ya buledi?"

"Sanandifunse zimenezo."

"Ndikukufunsani ine."

Mlonda anakanda chibwano. "Ya buledi ndimaimva ikadali kutali. Imalira ngati chigayo. Iyi inabwera mwakachetechete. Ndinali m'kanyumba kangamu, mvula ili pa malata. Ndinangomva phu. Kusuzumira pa zenera, ndinaona kumbuyo kwake kokha. Itaima."

"Inaima?"

"Inaima. Chitseko chinatseguka. Patapita kanthawi chinatsekeka. Ndinati wagunda galu."

"Simunatuluke?"

"Mayi, geti iyi ndikaisiya ntchito yatha. Ndinatuluka seveni itapitirira, mnzanga wa masana atafika. Ndi pamene ndinaona phazi kuseri kwa mzati." Analoza kumapazi kwake. "Nsapato izi anasoka ndi iyeyo."

Sajeni anayamba kutseka kabuku kake.

"Inali yokwezeka modabwitsa," mlonda anawonjezera, ngati akudziyankhulira yekha. "Galimoto yapamwamba, ya mabwana. Koma pakati pa tayala ndi thupi lake panali mpata woti mungalowetse mutu. Ngati mayi wakwinya chovala powoloka madzi."

Cholembera chinaima m'dzanja la Sajeni. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenaka analemba mawuwo mmene anawamvera.

* * *

Konstabulo amene ankamuthandiza pa mlanduwu anali atatsala ndi miyezi isanu kuti apume pa ntchito, ndipo m'moyo wake wonse ankanyadira zinthu ziwiri: kalembedwe kake ndi tepi yake. Anatsegula fayilo mwaulemu ngati akutsegula buku la kutchalitchi.

"Othira mafuta pakona paja anaona magalimoto oyera awiri akulowa msewu umenewu pakati pa sikisi ndi seveni," anatero. "Ya buledi, ndi inayo." Anakhosomola. "Ya alamu, amuna anu. Ija amayendera, ya kumalo awo ogulitsira magalimoto. Mundikhululukire kuti ndinapita osakuuzani, a Sajeni, ntchito ndi ntchito. Anandilandira bwino, ndi tiyi yemwe."

"Ndinawerenga."

Anawerengadi, Lachitatu. Anaona dzina la mwamuna wake, anaona nambala 60 pambali pake, ndipo anatembenuza tsamba msangamsanga. Munthu wa dzino lobooka amalidziwa dzino lake, koma lilime amalidutsitsa mbali ina.

"Pa bampala pali mng'alu pakona ya kumanzere," Konstabulo anapitiriza, chala chikutsata mzere. "Akuti anagunda kakhoma ka maluwa pabwalo lawo lomwelo. Mng'aluwo uli pa masentimita 60. Ife tikufuna 74. Masentimita 14 si matope amenewo, ngakhale bwana avomereza. Komanso nthawi imeneyo alamu anali pa ulendo wokatenga mayi anu kupita nawo kuchipatala. Munthu wabwino."

"Munayeza bwanji?"

Konstabulo anakwiya pang'ono, mkwiyo wa mmisiri. "Monga anatiphunzitsira. Pa simenti yosalala, matayala ndinawaona mpweya, m'galimoto mulibe munthu, injini yozima. Kawiri konse."

"Injini yozima."

"Nanga munthu angagwade kutsogolo kwa galimoto yolira? Ndili ndi zidzukulu ine."

Sanalakwitse chilichonse. Buku limene anaphunzira linalembedwa kale, pamene galimoto inali ndi msinkhu umodzi ngati munthu. Sajeni anatenga chipewa chake.

"Mukupita kuti?"

"Kukaona amayi."

* * *

Amayi ake anawapeza pa mpando wawo wa masiku onse, miyendo ili pa kasitulu, wailesi ikulira, mafuta opaka m'mawondo akununkha nyumba yonse.

"Ha, ndi yunifolomu yomwe! Ndalakwanji ine?" anaseka. "Mwana amene amabwera kwa mayi ake pokhapokha wina akafa. Khala pansi, waonda."

"Mawondo ali bwanji, amayi?"

"Alipo, akundidya. Akanakhala kuti si amuna ako aja, bwenzi ndikukwawa. Lachiwiri lililonse ali pano, osadandaula. Iwe unakwatiwa bwino, kungoti sudziwa. Ndipo galimoto yawo ija ili ndi ulemu kuposa ana amene ndinabereka. Ikafika pakhomopa imapuma kaye, fuuu, n'kugwada. Ine mwendo kungoti tu, ndakwera. Anzanga a kuchipatala amachita kutuluka kudzaonerera."

"Lachiwiri lapitali anafika nthawi yanji?"

"Mochedwa. Amafika hafu pasiti sikisi, koma tsiku limenelo nkhani za seveni zinatha ndili chikhalire ndi chikwama pamiyendo. Ndinati mwina ndi mvulayi." Anatsitsa wailesi. "Koma ndikuuze, tsiku limenelo sinagwade."

Sajeni anayang'ana kalendala ya pakhoma. Inali ya chaka chatha, amayi ankaisungira chithunzi cha maluwa.

"Ndaima pa mvula ndi ndodo yanga, galimoto ili njo, yakwera m'mwamba ngati ngamila. Ndikweze mwendo, sukufika. Ndikuti, bambo, lero yakwiya? Iwo ali duu, agwira chiwongolero ndi manja awiri, injini ikulira, maso kutsogolo. Ndinachita kugogoda pa galasi ndi ndodo. Ndi pamene anadzidzimuka n'kudina kabatani kawo kaja. Pepani amayi, pepani amayi, mpaka kuchipatala. Ndinati kodi mwayambana kunyumba?"

"Anati chiyani?"

"Anati ayi, mutu. Koma thalauza lonyowa mpaka m'mawondo! Ndinati, a bambo, munthu wa galimoto yotere amanyowa bwanji? Akuti ndinatsika kukaona tayala." Amayi anamuyang'ana mwana wawo ndi diso lakuthwa. "Iwe, usamuvutitse mwamuna ameneyu ndi mafunso ako apolisiwo. Amuna oleza mtima anatha."

Sajeni anakumbukira nsapato za mwamuna wake. Zofiirira, zachikopa. Lachiwiri madzulo anazipeza kuseri kwa chitseko zili zonyowa, matope mpaka m'zingwe. Anazitsuka yekha, anazifwatika manyuzipepala m'kati, n'kuziimika pa zenera la kukhitchini kuti ziume. Anachita zimenezo atangochoka kumene kwa dokotala wopima mitembo, ndi manja omwewo.

Anadikira kuti mtima ugunde, kapena miyendo inthunthumire. Palibe chinachitika. Thupi lonse linangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

"Sudya kanthu?" amayi anafunsa.

"Ndikadya kutsogoloku."

* * *

Dzuwa la masana linali litaumitsa bwalo la magalimoto. Mwamuna wake anali pakati pa ntchito, ndipo pa ntchito yake analibe mnzake. Pakamwa pomwepo ndi pamene anamukopera iye zaka makumi awiri zapitazo, pa depoti ya basi, mvula ikugwanso. Lero ankakopa mlimi wina wonenepa amene ankazungulira galimoto yoyera ija manja ali kumbuyo, kuyesetsa kuti asaoneke kuti waikonda.

"Bwana wanga, iyi si galimoto imodzi, ndi zitatu," mwamuna wake ankatero. "M'malo mwa masipuling'i muli matumba a mpweya, tayala lililonse thumba lake. Muli pa msewu wa phula, mukuthamanga, imadzitsitsa yokha, imakakamira pansi, pa kona sipendekeka, mafuta imamwa pang'ono. Mwafika kumunda kwanu, maenje, miyala, madzi, mwangodina apa, yakwera. Pansi pake sipakhudza kanthu, inu phazi silinyowa. Mwafika pakhomo, mwazimitsa, yagwada. Matumba a fetereza mukweza osathyoka msana. Ine apongozi anga mawondo anatha, koma amakwera okha ngati mtsikana."

"Imakwera bwanji kwenikweni?" mlimi anafunsa.

"Kuchokera pogwada mpaka pamwamba penipeni, masentimita 14."

Sajeni anaima pa geti. Mawu amenewa anawamva kambirimbiri patebulo kunyumba, iye akuganiza za mafayilo ake, akungoti eya, eya. Nambala yokhayo ndi imene anali asanaimvepo, kapena anaimva n'kuitaya.

Mwamuna wake anamuona, ndipo kumwetulira kunakhalabe pankhope pake, kokha, maso atachokamo. Mlimi anaona yunifolomu, anakumbukira kuti ali ndi kwina kopita, nalonjeza kubweranso Loweruka.

"A Sajeni athu," mwamuna anatero. Ndi mmene ankamutchulira akafuna kumuseketsa. "Mwabwera kudzandimanga, kapena mwandisowa?"

"Lizani galimotoyi, bambo."

"Mayi, anzanu aja anayeza kale."

"Ndikudziwa. Ilizeni."

Mwamuna anaima pang'ono, makiyi ali m'dzanja. Kenaka anakwera. Injini inadzuka mwakachetechete, monga ananenera mlonda. Sajeni anagwada kutsogolo kwake, pakona ya kumanzere, pamene Konstabulo wa zidzukulu sakanagwada. Mng'alu unalipo, wopakidwa polishi mosamala. Anaponda nsonga ya tepi, anaikoka, anaigwira chilili pambali pa mng'aluwo. Masentimita 60.

"Dinani batani la madzi lija."

"Mayi."

"Dinani."

Pansi pa galimoto kapampu kanayamba kung'ung'uza. Thupi loyera lija linayamba kunyamuka pang'onopang'ono, kumbuyo kaye, kenaka kutsogolo. Mng'alu unakwera ndi tepi: 63, 66, 70. Sajeni ankawerenga mizere ngati mmene ankawerengera kutentha kwa thupi la mwana akadwala, osapupuluma. Kapampu kanasiya. Mng'alu unaima pa 74.

Anaimirira, anasasa fumbi pa bondo. Mwamuna wake anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso kutsogolo. Umu ndi mmene amayi anamuonera.

"Madzi anabisa m'mphepete mwa msewu," anatero, mawu ake ogulitsira magalimoto aja atatha. "Ndinazemba dzenje. Sindinamuone, ambulera yokha ndi imene ndinaona. Ndikulumbira, mayi, sindimathamanga."

"Munatsika."

Mwamuna anangoyang'anabe kutsogolo.

"Nsapato zanu ndinaumika ndine."

"Ndinatsika."

"Anali akupuma?"

Mwamuna anatsamira mutu pa chiwongolero. "Anandiyang'ana. Ndinaganiza za inu. Ntchito yanu, ana, dzina lanu m'manyuzipepala. Ndinati ndikaimba foni kutsogolo. Kenaka ndinapezeka ndili pakhomo pa amayi." Anadzutsa nkhope, misozi ikuyenderera. "Fayilo ili m'manja mwanu. Mwalembamo 60, ndipo si bodza, anayezadi. Wa bulediyo loya wabwino amutulutsa, ndilipira ine, palibe adziwe. Mayi, zaka makumi awiri. Tayankhulani, chonde. Nditukwaneni kapena."

Iye anafunadi kumutukwana. Anafuna kulira, kapena kumumenya ndi tepi yomweyo, chilichonse chimene mkazi wamoyo akanachita. Anamuyang'ana mwamuna amene ankamuwotchera madzi osamba akachokera ku ntchito, amene ankanyamula amayi ake Lachiwiri lililonse osadandaula, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwake ndi miyendo yotupa ija pa khonde la siteshoni, ndi ola limodzi lathunthu kuseri kwa mzati, mvula ikugwa.

"Musazimitse," anatero. "Isiyeni ili choncho."

Anatulutsa foni. Konstabulo anayankha kulira koyamba.

"Bwerani kuno kwa alamu anu ndi tepi yanu ija. Mubwere ndi bwana, fayiloyi ine sindingaigwirenso. Ndipo podutsa pa khondepo muwauze mayi oyembekezera aja kuti asapite patali, amuna awo atuluka lero."

"A Sajeni, ndinayeza kawiri."

"Munayeza bwino. Bwerani mudzayeze kachitatu."

Anabweza foni m'thumba. Anakhala pa kakhoma ka maluwa kaja, kamene kanalibe ngakhale kachizindikiro kamodzi ka penti, chipewa chili pa bondo. Galimoto inaima chilili pa dzuwa, yokwezeka, mpata wa pamwamba pa tayala woti mungalowetse mutu, ndipo m'kati mwake mwamuna wake ankalira ngati mwana. Sajeni anadikira kuti nayenso chimufike. Chinangobwera ndi kafunso kamodzi, kakang'ono, kouma, ndipo kanakana kuchoka: Lachiwiri likubwerali, amayi adzakwera bwanji basi ndi mawondo aja?